Sewero Limene a Ezeleti Sanamalize Kuonera

Mwezi uno pakwana chaka chiwaikireni a Ezeleti m'manda a kwawo ku Songani. Ana awo akuti amanga chiliza mvula ikatha, ndipo andipempha kuti tsiku lovundukula chilizacho ndidzayankhulepo. Ndavomera. Ndidzanena kuti anali mayi wolimbikira ntchito, wokonda mapemphero, wosasowa pa maliro a mnzake. Zonsezi ndi zoona. Koma a Ezeleti amene ndimawakumbukira ndikakhala ndekha sangakwane m'mawu a pamanda.

Ndinawadziwira mumsika wa Zomba. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yotayipa mu ofesi ina kukoleji, ndiye ndikaweruka ndinkadzera pa benchi lawo kugula ndiwo. Anali mayi wamfupi, wa mapewa aakulu, wa mawu oti akayitana munthu mmodzi, msika wonse unkatembenuka. Ankagulitsa kachewere, kabichi ndi nsawawa zochokera kuphiri. Kusanache bwino ankakhala ali kale m'munsi mwa msewu wotsika ku Chawe, kudikira alimi obwera ndi matumba pa njinga, ndipo mkangano wawo pamenepo ankaumva ndi anyani omwe. Makolo awo anachokera ku Mozambiki. Akapsa mtima kwenikweni Chinyanja chinkawathawa, n'kutsala Chilomwe chokhachokha.

Pa nkhani ya basela anali owuma manja. Ukadandaula kuti mulu wachepa, ankachotsapo mbatata imodzi n'kukufunsa ngati tsopano wakula. Koma akafika mayi wobereka mwana kumsana, ankasiya zonse. Ankazungulira benchi, kuvundukula kansalu, kumugwira mwanayo pamphumi. Akapeza kuti thupi latentha, malonda ankathera pomwepo. Ankalanda dengu la mayiyo, kuliika pansi pa benchi, n'kumuuza kuti alipeza pochokera kuchipatala. Ena ankakwiya, kufunsa ngati mayi ameneyu ndi nesi. Ife tinkangoseka, tinkati utcheya sunawachoke.

Pajatu a Ezeleti anali Mayi Tcheya. Nthawi ya chipani chimodzi ndiwo ankayang'anira amayi a m'dera lathu la Masongola: kuwasonkhanitsa, kuwaphunzitsa nyimbo, kuwakweza m'malole kukavina kulikonse kumene mtsogoleri wa dziko akupita. Zinthu zitasintha, anthu ambiri amene anali ndi maudindo otere anayamba kunena kuti ankachita mokakamizidwa. A Ezeleti ayi. Ankanena poyera kuti iwo palibe anawakakamiza. Wezulo ankamukonda, yunifolomu inkawakhala, ndipo tsiku limene anayambitsa nyimbo m'bwalo lalikulu ku Blantyre chikhamu cha amayi n'kuyankha, anamva ngati anabadwira zomwezo. Zaka zoyambirira za zipani zambiri ankatha kutivinira pompo mumsika, kachewere ali m'manja, kutionetsa mmene mzere woyamba unkalowera.

Pambali pa benchi lawo panali benchi la Abiti Jana, mayi wa Chiyao wochokera ku Malosa amene anadzakwatiwa kwathu kuno. Iwowa anali woonda, osayankhulayankhula, ogulitsa tomato ndi anyezi. Awiriwa ankayitanana kuti achemwali, ndipo ankakangana tsiku lililonse. A Ezeleti ankati Abiti Jana amathamangitsa makasitomala ndi nkhope yawo ya pamaliro. Abiti Jana ankati phokoso la a Ezeleti limawoletsa tomato. Tiyi ankathira kuchokera m'fulasiki imodzi. Mwezi wa Ramadani ukafika, a Ezeleti ankakadyera kuseri kwa matumba kuti mnzawo asawaone akutafuna. Wobwera aliyense ankaona kuti awa ndi mabwenzi akale.

Amene anawadziwa a Ezeleti m'zaka zawo zomaliza sangakhulupirire zoti ankavina mumsika. Anasiya kuyambitsa nyimbo ngakhale kutchalitchi. Pa maliro ankafika oyamba, kutunga madzi, kuphika, kusambitsa thupi, koma pa kuyimba ankangotsatira chapansipansi. Amayi a kumpingo anawadandaulira, mpaka abusa anapita kunyumba kwawo kukawakumbutsa kuti mphatso ya Mulungu sabisa. A Ezeleti anawaphikira tiyi abusawo, n'kuwauza kuti mawu awo anagwira kale ntchito yake ndipo iwo anaona kumene ntchitoyo inathera. Abusa anabwerera osamvetsa.

Chaka china cha chisankho, anyamata a chipani china anafika pamsika ndi lole ndi mpukutu wa nsalu, kudzatenga amayi kupita nawo ku msonkhano. A Ezeleti anasiya benchi, anakaima pomwe amayiwo ankakwerera, n'kumafunsa aliyense kuti ana wasiya ndi yani. Awiri atatu anatsika. Mnyamata wina anawatukwana kuti ndi otsalira a ulamuliro wakale. Iwo anamuyankha kuti sakunama, n'chifukwa chake lole amayidziwa kuposa iye.

Tsiku limene kusinthaku kunayamba ndikulidziwa, chifukwa ndinalipo, ndipo matikiti ndinabweretsa ndine.

Panali patapita zaka zochepa chibwerere zipani zambiri. Ana a kukoleji anakonza sewero loseka za nthawi yakale, ndipo m'maofesi monse nkhani inali yomweyo. Abwana anga anandipatsa matikiti anayi. Ine sewerolo ndinali ndisanalione. Ndinangoganiza kuti amayi anzanga a mumsika akhala m'tawuni muno moyo wawo wonse, kudyetsa aphunzitsi ndi ana a kukoleji, koma holo ya kukolejiko sanalowemo. Ndinawatenga a Ezeleti, Abiti Jana, ndi a Kalinde, mayi wanthabwala amene ankagulitsa mandasi pakhomo la msika.

Linali Loweruka m'nyengo yozizira. Anatseka malonda dzuwa likadalipo, n'kupita kukasamba. A Ezeleti anatulukira atavala chilundu chobiriwira ndi duku lalitali, kununkhira sopo. Abiti Jana anafunda mpango woyera wa ku mzikiti. A Kalinde anamanga mtedza wokazinga pa nsonga ya nsalu, akuti sangakhale pa zoonera pakamwa pali chete. Tinatsika msewu wa kukoleji tikuseka ngati atsikana. Pakhomo la holo a Ezeleti anapereka moni kwa mnyamata wong'amba matikiti, n'kumuuza kuti akumudziwa, ndi uja amadandaula za kabichi.

Titakhala, magetsi a m'holo anathima kuti sewero liyambe. A Kalinde anafuula kuti, "Eee, ngakhale kuno amathima?" Anthu a mizere yapafupi anafa nako kuseka.

Sewerolo linali loseketsadi. Panali mkulu wachipani wogulitsa makhadi, amene anamugulitsa mayi woyembekezera makhadi awiri, lina la mwana wa m'mimba. Panali anyamata otseka pakhomo la msika ndi chingwe. Zinthu zimene tinkaopa kuzinong'ona ngakhale kuchipinda, tsopano tinkaziseka pagulu, pakamwa yasa. Amene sanakhalepo nthawi imeneyo sangamvetse kukoma kwa kuseka kumeneko. Woseka kwambiri anali a Ezeleti. Amayi ovina atalowa pa siteji, iwo anayamba kuwakonza ali pampando.

"Ayi, mwendo wamanzere umenewo! Ana awa sanaphunzitsidwe."

Kenako analowa tcheya wa amayi. Anali mtsikana wamtali, atalowetsa mapilo kumbuyo, wezulo ali pakamwa. Mabenchi awiri ndiwo anali lole. Ankakankha amayi kuti akwere, kuwamenya ndi nsalu, kuwawerenga ngati mbuzi. Mayi wina anagwada n'kunena kuti sangapite, mwana wake akudwala. Tcheya uja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumufunsa ngati mwanayo ndi amene anamanga misewu ya dziko lino. Anamunyamula m'chiuno n'kumuponya pa lole, miyendo m'mwamba.

Holo yonse inagwedezeka. Nanenso ndinaseka mpaka misozi. Ndinawamenya a Ezeleti pabondo n'kunena kuti, "Amayi, si inu amenewo?"

Bondo lawo linali louma ngati chitsa. Sanali kuseka. Mbali inayo, Abiti Jana anadzuka, anadutsa pa miyendo ya anthu osapepesa, n'kutuluka. A Ezeleti anatsatira. A Kalinde anandigwira nsalu n'kunong'ona kuti ndiwasiye, koma ine ndinkaganiza kuti Abiti Jana adwala, ndiye ndinatuluka.

Ndinawapeza pa masitepe akunja. Abiti Jana anaima atakoka mpango mpaka pakamwa, akuyang'ana kuphiri, kumene chifunga chinali chitatsika kufika pa nyumba zoyamba. A Ezeleti anali kumbuyo kwawo, manja ali lende.

"Achemwali," a Ezeleti anatero. "Ine sindinadziwe kuti m'seweromu muli zimenezi. Ndikanadziwa sitikanabwera."

Abiti Jana sanatembenuke. "Ana aja anama," anatero. "Sizinali choncho."

Anapitiriza maso akadali kuphiri.

"Tcheya uja akukuwa, akukankha anthu. Inu simunakuwe. Munabwera kunyumba, munakhala pamphasa. Mwana munamunyamula, munamugwira pamphumi. Munati, achemwali, aka ndi kamalungo chabe, ana amatero, apongozi anu alipo amuona. Munati mukatsala, amuna anu awaganizira zina kuntchito, ine sindingathe kukutetezani. Katundu munandithandiza kumanga ndinu. Mukanandikuwira ngati uja, ine ndikanakana. Ine munthu wondikuwira sindimumvera."

"Zoona," a Ezeleti anayankha. Mawu awo aakulu aja ndinachita kuwatchera khutu. "Lole inayenera kudzaza. Ndinkaopa kuti akuluakulu akaona mipata andichotsa pampando. Mwana uja ndinamugwira, kutentha kwake ndinakumva m'dzanja ili. Ndinadziwa kuti si kamalungo chabe. Ndinadziwa, achemwali."

Apa m'pamene ndinayamba kumvetsa, ndipo zotsalazo anadzandiuza a Kalinde. Chaka china m'nthawi ya chipani chimodzi, amayi a m'dera lathu anatengedwa kupita ku Blantyre kukakonzekera magule a zikondwerero. Ankagona m'makalasi a sukulu ina kwa masiku angapo. Abiti Jana anasiya mwana wamwamuna, wongosiya kumene kuyamwa, atatentha thupi. Chinali chikuku. Mwanayo anamwalira mayi ake ali komweko. Uthenga unatumizidwa, koma m'chikhamu chija sunawapeze, ndipo Asilamu sachedwetsa maliro. Abiti Jana anatsika lole ali mu yunifolomu, fumbi kumapazi, atanyamula buledi amene anawagawira, n'kupeza abale akumwazikana. Amayi akuluakulu onse a mumsika ankaidziwa nkhaniyi. A Kalinde nawo anali pa lole yomweyo. Kwa zaka zoposa khumi palibe anaitchula, ngakhale eni ake awiriwo.

"Ndipo ine ndinavina," Abiti Jana anapitiriza. "Zimenezo musaiwale. Munandiika mzere woyamba chifukwa ndinkatha. Tsiku lomwe ankamuika mwana wanga ine ndinali kutsogolo, mano onse pamtunda. Zinkandikoma. Apongozi anga anamwalira asanandiyang'anenso m'maso."

"Mlandu ndi wanga. Ndikhululukireni."

"Dzina lake mukulidziwa?"

"Jafali."

Apo Abiti Jana anatembenuka, anawayang'ana anzawo nthawi yayitali. M'holo munamveka kuseka kwina, ndi kuwomba m'manja.

"Ine ndikubwerera m'kati," anatero. "Ndikufuna ndikaone ngati mwana wa mayi uja achire."

Analowa. A Ezeleti anakhala pansi pa sitepe yozizira, chilundu chawo chabwino chija osachisamala. Ndinakhala pambali pawo. Ndinawauza kuti pepani, mawu aja ndinangoyankhula osadziwa.

"Mwanama pati, amake Chikondi?" anandifunsa. "Ndine amene. Lowani mukaonere, musataye mwayi wanu."

Sindinalowe. Tinakhala pamenepo mpaka sewero linatha, tikumva anthu akuseka kuseri kwa khoma. A Ezeleti sanalire. Ankangosisita chikhatho cha dzanja lamanja pa bondo, mobwerezabwereza.

Anthu atatuluka tinauyamba wobwerera tonse anayi. A Kalinde mtedza wawo uja sanaumasule n'komwe. Ana a kukoleji ankatipitirira akubwereza nthabwala za tcheya wa mapilo. Tinayenda mpaka pa mlatho, pamene Abiti Jana anayankhula osayang'ana munthu.

"Za mwana uja sanazitchulenso. Tcheya anagwa pa lole, anthu n'kuseka, kenako kunabwera zovota. Basi."

Lolemba ndinadzera pamsika. Ndinkaganiza kuti mmodzi wa iwo wasamutsa benchi. Ndinawapeza onse ali m'malo mwawo, fulasiki ili pakati. Abiti Jana ankasanja tomato. A Ezeleti anandigulitsa kachewere osandinyoza, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti china chake chasweka. Kuyambira tsiku limenelo sindinawaonenso akuvina. Munthu akawayitana kuti Mayi Tcheya ankayankha ndithu, dzinalo sanalikane, koma ankayankha ngati munthu amene akuvomera mlandu. Masewero ena anabwera kukoleji, ndipo matikiti ndinkapatsidwa, koma kumsika sindinapitenso nawo.

A Ezeleti anandiuza kamodzi kuti anapempha Abiti Jana kuti akawaonetse manda a mwanayo. Abiti Jana anawayankha kuti kwawo akazi kumanda sapita, ndipo iwo eni ake, mayi wobala, mandawo sanawaonepo. A Ezeleti sanapemphenso. Mkangano wawo wa tsiku ndi tsiku unayambiranso pang'onopang'ono, ndipo anakalamba limodzi, wina apa wina apo.

Matenda anawagwera a Ezeleti ali pa benchi. Anagwa chammbali, pakamwa n'kupotoka, ndipo amene anawagwira mutu kuti usagunde pansi anali Abiti Jana. Anakhala miyezi ingapo kunyumba kwa mwana wawo wamkazi, osatha kuyankhula. Mayi amene mawu ake ankatembenuza msika tsopano ankangoyang'ana. Abiti Jana ankapita kukawaona Lachisanu lililonse. Ankawamwetsa phala, kuwapukuta pakamwa, n'kumawauza za mumsika: yemwe wakwatiwa, yemwe wathawa mwamuna, mmene tomato wa chaka chimenecho ankawolera. Ine ndinakhalapo nawo kangapo. Ndinkaona a Ezeleti akuwatsatira anzawo ndi maso, kudikira mawu ena ake. Sindinamve Abiti Jana akuwanena.

Pa maliro ku Songani, Abiti Jana anakhala pakati pa amayi a kumpingo, mpango wawo woyera uli wokha pakati pa maduku. Nyimbo sankazidziwa. Anakhala pomwepo kufikira bokosi litanyamulidwa, ndipo anthu atapita kumanda iwo anatsala pakhomo akutsuka mbale.

Patapita milungu ingapo ndinalimba mtima n'kuwafunsa. Ndinati, "Abiti Jana, kodi a Ezeleti munawakhululukira?"

Anapukuta tomato mmodzi ndi nsalu, kumuika pa mulu, n'kutenga wina.

"Mumafuna ndikanatani, amake Chikondi? Bambo ake a mwana uja anamwalira. Apongozi anamwalira. Ana anga enawa anabadwa pambuyo, samudziwa. Munthu mmodzi yekha amene ankadzuka naye mumtima m'mawa mwana wanga ngati mmene ndimadzukira ine anali a Ezeleti. Ndinkaopa kuti ndikawamasula amuiwala, nditsala ndekha." Anaika tomato winayo pa mulu. "Lachisanu lomaliza lija ndinapita nditakonzeka kuti ndiwauze. Ndinawapeza akugona. Ndinati ndidzanena sabata ya mawa."

Sindinawafunsenso china. Ndinagula anyezi amene sindinkawafuna, n'kumapita.

Benchi la a Ezeleti likadalipo. Banja linagwirizana kuti mdzukulu wawo wina ndiye adzagulitsirepo, koma iye anapita ku Lilongwe ndipo sakubwera. Matabwa ake ayamba kutuwa, kupatula pakati pamene pankakhala matumba, pamene pali pakuda ndi dothi la kuphiri. Pa mzati pali msomali wopindika umene ankakolekapo juzi, ndi kachingwe ka buluu kamene palibe akudziwa ntchito yake. Alimi achikulire otsika ndi kachewere amachepetsa liwiro la njinga akafika pamenepo, n'kupitirira. Masana, nthawi ya mapemphero ikakwana, Abiti Jana amayang'ana uku ndi uku. Alibe womusiyira malonda. Amafunditsa tomato wawo ndi chiguduli, kutsindira ndi miyala iwiri, n'kunyamuka kupita ku mzikiti. Pa nthawi imeneyo mabenchi onse awiri amakhala opanda munthu, ndipo ogula amangodutsa.